Makoma a pa Mbulumbuzi: penti ya kampani kapena burashi ya mwana wapakhomo?

Minibasi yochokera ku Limbe ikangodutsa pa Njuli, kondakitala amayamba kumenya chitseko kufunsa ngati alipo wotsika pa Mbulumbuzi. Ikaima, siitha mphindi zitatu. Amayi a mabeseni a tomato ndi anyezi amathamangira m'mawindo, wina akukankha nzimbe, wina mazira owiritsa, dalaivala wayamba kale kuliza hutala. Wopita ku Zomba akakweza maso pa kamphindi kameneko, chimene amaona ndi mzere wa magolosale: iyi yofiira kuyambira pa maziko mpaka pa malata, yoyandikana nayo yobiriwira, inayo yachikasu, iliyonse itasenza dzina la kampani ya foni, ya sopo kapena ya mbewu ya chimanga. Pa Namadzi akaona zomwezo. Pa Thondwe zomwezonso. Mutamumanga nsalu kumaso n'kukamumasula pakati pa ulendo, sangakuuzeni kuti ali pati.

Mkangano wa makoma amenewa ndinaumva m'tiyirumu ina kuseri kwa msika, ndikudikira kuti mvula ikate. Mnyamata wina wolemba zikwangwani, zala zake zili penti yokhayokha, anali ataika patebulo foni yosweka galasi, akuonetsa bambo wina wachikulire, mwini golosale, zithunzi za makoma a ku São Paulo m'dziko la Brazil.

"Madala, taonani anzathu mmene amachitira. Khoma lanu lija mutandipatsa ine, magalimoto onse aziima pano."

Bambowo anaviika sikono mu tiyi, osakweza n'komwe mutu.

"Iwe mwana, khoma langa anandipakira ulere. Iwe undipakira ulere?"

Tinaseka tonse, koma nkhaniyo inandikhala pamtima mpaka kunyumba, chifukwa aliyense wa awiriwo anali atagwira mbali ya chilungamo.

Zimene mnyamatayo ankaonetsa si nthano. São Paulo ndi mzinda wa anthu oposa 11 miliyoni, ndipo mu 2006, Gilberto Kassab ali meya, khonsolo yake inavomereza lamulo lotchedwa Cidade Limpa, kutanthauza mzinda waukhondo. Kuyambira mu Januwale 2007 zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa malonda zinaletsedwa m'misewu, ndipo pafupifupi 15,000 zinagwetsedwa. Eni makampani analira, koma anthu a mumzindawo anayamba kuona nyumba zimene kwa zaka zinabisika kuseri kwa zithunzi za mowa ndi magalimoto. Lero woyenda mumzindamo amatopa khosi ndi kuyang'ana m'mwamba: nyumba zosanjikizana zojambulidwa kuyambira pansi mpaka kumapeto, zipilala za milatho, makoma a m'tinjira. Kudera la Vila Madalena kuli kanjira kopapatiza kotchedwa Beco do Batman, kamene kanatenga dzina pa chithunzi cha Batman chimene wina anajambulapo m'zaka za m'ma 1980. Kanjira kameneko lero kamadzaza alendo, ndipo amene akupindula ndi ogulitsa zakumwa, zokumbukira ulendo ndi otsogolera alendo. Mfundo yoyamba ya mnyamatayo ili pamenepo: chithunzi chimaimitsa munthu, ndipo munthu akaima amapisa dzanja m'thumba.

Anali ndi chida china chimene bambo aja sanachiyembekezere. Burashi ya ku Brazil inafika kale kuno. Eduardo Kobra, amene mu 2016, pa nthawi ya masewera a Olympics, anajambula pa doko la Rio de Janeiro nkhope zisanu za anthu a zigawo zisanu za dziko lapansi pa khoma la masikweya mita pafupifupi 3,000, anabwera ku Blantyre mu 2017 ataitanidwa ndi woimba Madonna. Anajambula nkhope ya Nelson Mandela pa chipatala cha ana cha Mercy James, pa Queens, chimene chinatsegulidwa mu Julaye chaka chomwecho. Kuchokera pa Mbulumbuzi ndi ulendo wa minibasi ziwiri basi. "Munthu anachoka kutali konseko kudzajambula khoma pakhomo pathu," anatero mnyamatayo, "ife eni ake tikungolemba kuti pano tikutchaja mafoni."

Alipo amene anganene kuti izi n'zachilendo, za anthu okhuta. Pamenepa ndimaima naye mnyamatayo osagwedezeka. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pa matanthwe, zina za Akafula, zina za amayi achichewa pa chinamwali ndi za anyau, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Sitiyenera kupita kutali chotero. Aliyense wokulira kumudzi kuno ku Chiradzulu akukumbukira mmene amayi ndi achemwali ankachitira Khirisimasi ikayandikira: kukakumba dothi loyera kudambo, lofiira pachulu, kusinja makala, kuzira khonde, kenako n'kulemba maluwa ndi mizere yokhotakhota pa chipupa ndi kansanza kapena chikhatho. Panalibe amene ankawalipira. Mvula yoyamba yamphamvu inkatsuka zonse, chaka chamawa n'kuyambiranso. Ndipo amene amaopa zochokera ku South America ayambe wataya beseni la tomato, chifukwa tomato, chinangwa ndi mtedza zimene zikudyetsa msika wa Mbulumbuzi kwawo n'komweko. Chinangwa chenichenicho chinayambira m'dera la Brazil, n'kudzafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi. Lero palibe amachitcha chachilendo akamadya ndi tiyi m'mawa.

Koma chimene chimandikoka kwambiri pa mbali imeneyi si ndalama za alendo. Ndi zimene boma lino lili nazo zoti linene, koma lilibe ponenera. Ku Mbombwe, m'boma lomwe lino, John Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission mu 1900. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, nalowera ku Magomero kumene William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce, anaphedwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe nayenso anaphedwa, ndipo tchalitchi chake cha njerwa boma la atsamunda linachiphulitsa. Mu 1926 Daniel Malekebu, mwana wa ku Chiradzulu konkuno amene anakaphunzira udokotala ku America, anabwera kudzatsegulanso mishoniyo. Nkhope ya Chilembwe timaipinda m'thumba tsiku lililonse pa K500 ndi K2000, ndipo pa 15 Januwale timapuma pantchito chifukwa cha iye. Koma mwana wa sukulu wodutsa pa Mbulumbuzi m'mawa uliwonse amawerenga pa khoma dzina la sopo. Za Malekebu mwina sanamvepo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lomwe lino. Amene anataya abale awo akukumbukira, koma msewu wa M3 umadutsa pa Mbulumbuzi ngati palibe chinachitika.

Tsono timve bambo aja, chifukwa sanali munthu wongokana. Atamaliza tiyi anayamba kuwerengera pa zala, ndipo mnyamatayo anayamba kuzizira.

Choyamba, kwa mwini golosale penti si zokongoletsa, ndi jekete la khoma. Nyumba zambiri pamalopo ndi za njerwa zootcha, pulasitala wake wa mchenga wambiri simenti pang'ono. Khoma likakhala losapaka, mvula ya Januwale imalinyambita mpaka njerwa kuonekera. Chidebe cha penti yamafuta masiku ano mtengo wake ukufanana ndi phindu la milungu ingapo ya kugulitsa shuga woyeza pa supuni ndi mafuta ophikira a m'timapepala. Kampani imabwera ndi galimoto yake, anyamata ake, makwerero ake. M'mawa afika, dzuwa likamapendeka amaliza, khoma likuwala. Penti ikasuluka, amabweranso. "Sindinatulutse ngakhale tambala," anatero. "Iwe ukufuna ndikugulire penti ya mitundu isanu ndi iwiri, ndikulipire, ndikuphikirenso nsima. Kuti anthu aone nkhope ya munthu amene sagula kanthu m'golosale mwanga?"

Chachiwiri chinali chowawa kwambiri. Mlendo ndi mame, anatero, sachedwa kukamuka. Ku Beco do Batman anthu amapitako dala, wapansi, ndi tsiku lonse m'manja. Pa Mbulumbuzi anthu amadutsa. Wa galimoto yake akuthamangira msonkhano ku Zomba, wa minibasi waphinjika pakati pa thumba la makala ndi mwana wa eni. Amene amaima amaimira tomato wotchipa kusiyana ndi ku Limbe, ndipo amagula ali m'galimoto, windo atatsitsa theka. Ngakhale ataima kuti ajambule chithunzi, aimika pati galimoto pamene m'mbali mwa msewu mwadzaza kale kabaza, mabenchi ndi ziwaya za tchipisi? Akafuna kupita kuseri, mumulozera kuti?

Apa mayi wina wa tomato, amene anathawiramo mvula beseni lake atasiya pakhomo, analowerera. Nsalu yake inali itanyowa mpaka m'chiuno.

"Achimwene, chithunzi chanucho chimatchinga mvula?"

Palibe anayankha. Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse, ndipo aliyense wokonda zokongola ayenera kulimeza asanatsegule chitini cha penti. Ogulitsa pamsika amadula tikiti tsiku ndi tsiku, agulitse asagulitse. Chimene amayembekezera pa ndalama imeneyo ndi shedi yosadontha, chimbudzi chotsukidwa, mpopi wotuluka madzi, ngalande yoti matope asalowe m'kabichi, ndi dzala lotayamo zinyalala. Kuwapakira khoma lamaluwa zinthu izi zisanakwane ndi chikomekome cha mkuyu. Ndaonapo malo ena kumene mlendo wolemekezeka akamabwera amapaka laimu miyala ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu, kuseri kwake fungo lili pomwepo. Bambo aja amaopa kuti zojambulazi zidzakhala laimu yemweyo, wamitundumitundu chabe.

Chachitatu sanachinene mokweza, anayamba wayang'ana pakhomo. Ndani adzasankhe nkhope yoikidwa pakhoma? Lero mujambula Chilembwe, aliyense awomba m'manja. Mawa phungu abwera ndi zidebe khumi za penti, n'kunena kuti pambali pa Chilembwe pakhale iye. Tonse tikudziwa mmene chaka cha chisankho chimakhalira: matanthwe, milatho, mitengo ya magetsi, zonse zimasanduka zabuluu, zofiira, zachikasu, zalalanje. Golosale ikadziwika kuti ndi ya mtundu wakuti, theka la makasitomala limadutsa osapereka moni. Dzina la sopo lilibe chipani. Komanso pa Mbulumbuzi pali Alomwe, Ayao, Amang'anja ndi Angoni, a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu. Chimene wina achiona ngati chikhalidwe, mnzake achiona ngati chonyansa pamaso pa Mulungu, ndipo ena chipembedzo chawo sichikondwera n'komwe ndi zithunzi za anthu pafupi ndi popempherera. Walira mvula walira matope.

Ndipo Brazil yemweyo, amene mnyamatayo ankamutenga ngati mboni yake, akhoza kuikira umboni mbali ya bambowo. Mu 2008, chaka chimene mapasa otchuka a ku São Paulo otchedwa OsGemeos anajambula pa khoma la nyumba ya zaluso ya Tate Modern ku London, ogwira ntchito ya khonsolo kwawo anapaka penti yotuwa pa khoma lalitali limene iwo ndi anzawo anajambula. Mu Januwale 2017 meya watsopano João Doria analamula kuti zithunzi zambiri za mumsewu wa 23 de Maio, zimene zinajambulidwa ndi chilolezo cha meya amene iye anamulowa m'malo, zifafanizidwe ndi penti yotuwa yomweyo. Ntchito ya anthu ambiri inatha m'masiku ochepa chifukwa pampando panakhala wina. Chaka chomwecho, mwini nyumba wina wa mu Beco do Batman, atatopa ndi phokoso ndi kusalemekezedwa, anadzipakira yekha khoma lake kuti likhale lotuwa. Pali vutonso la zolembalemba zimene iwo amazitcha pichação, zilembo zakuda zimene anyamata amakwera usiku kukalemba pa nyumba za eni popanda kupempha. Mu 2011 dzikolo linachita kukonza lamulo kuti lisiyanitse zinthu ziwirizi: kujambula mwini khoma atavomera si mlandu, kulemba mwakuba ndi mlandu, ndipo penti yopopera sagulitsa kwa ana osakwana zaka 18. Ngati dziko la akatswiri otere limakanganabe chonchi, ife tisaganize kuti burashi idzabwera yopanda milandu.

Mvula itakata aliyense anapita kwake, ndipo ine ndinatsala ndi mafunso awiri, limodzi la aliyense wa iwo.

Kwa bambo aja ndikanafunsa za liwu lija lakuti ulere. Kampani ikafuna kuimika chikwangwani chachitsulo m'mbali mwa M3, imalipira wochipanga, imalipira malo, imalipira khonsolo. Pa golosale yawo yapeza khoma loyang'ana msewu umene ukulumikiza Blantyre ndi Zomba, lowerengedwa ndi aliyense wodutsa kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, chaka ndi chaka, pa mtengo wa zidebe ziwiri za penti. Wapatsa mnzake za ulere ndani pamenepa? Sindikunena kuti makampani akuba, ayi. Anapempha, eni ake anavomera. Ndikungoti mwini khoma ali ndi katundu wamtengo kuposa mmene akuganizira, ndipo amene sadziwa mtengo wa mbuzi yake amaigulitsa pa mtengo wa nkhuku. Dzina la golosale yake, limene analisankha yekha atasunga ndalama zaka zambiri, lalembedwa ting'onoting'ono pamwamba pa chitseko, mwina osalembedwa n'komwe. Anthu akamalozerana njira amati "pa golosale yofiira ija", ndipo zofiirazo zilipo zisanu.

Kwa mnyamatayo ndikanamuuza kuti wagwira nkhani yabwino kumchira. Akamati magalimoto aziima, akulonjeza chimene sangakwanitse, ndipo tsiku limene sadzaima bambo aja adzamuseka mpaka misozi. Mu São Paulo momwemo muli msika waukulu wotchedwa Mercado Municipal, umene unatsegulidwa mu 1933. M'mwamba mwake muli mawindo akuluakulu a magalasi amitundumitundu oonetsa alimi ali m'munda, akuweta ng'ombe, akukolola. Amene anaika magalasiwo anaikira anthu ogula ndi kugulitsa pamenepo, kuti wonyamula dengu akakweza maso azidziona yekha. Alendo onyamula makamera anadza pambuyo, patapita zaka zambiri. Ku Belém, kumpoto kwa dzikolo, msika wa Ver-o-Peso umakoka alendo ndi nsomba za mu Amazon, ufa wa chinangwa ndi mankhwala azitsamba, zinthu zimene eni ake amagula tsiku lililonse kaya mlendo alipo kaya palibe. Mlendo amakopeka ndi malo amene eni ake akuwakonda kale. Ngati khoma la pa Mbulumbuzi lijambulidwe, lijambulidwire mayi wa beseni uja ndi mwana wake wa Sitandade 5, osati munthu wa galimoto ya magalasi akuda.

Ndikaika zonse pa sikelo, pa funso la ndalama za msika ndili ndi mayi wa tomato kotheratu. Tambala iliyonse ya tikiti ipite ku shedi, chimbudzi ndi ngalande, ndipo wapampando wa komiti ya msika amene angatenge ndalama imeneyo kukagula penti ya zithunzi ayenera kufunsidwa pagulu. Pa funso la khoma lakutsogolo kwa golosale, mwini wake ndiye mfumu. Afuna lofiira, likhale lofiira. Palibe lamulo la São Paulo limene lingagwire ntchito pamalo pamene penti ya kampani ndiyo ikuteteza nyumba kuti isagwe.

Koma makoma onse si akutsogolo. Alipo am'mbali oyang'ana tinjira tolowera mumsika, alipo a mpanda, a sukulu, a pachigayo, amene palibe kampani imawafuna chifukwa wa pa msewu sawaona bwino. Ambiri angokhala pokodzera ndi pomatapo mapepala a asing'anga obweza mwamuna wothawa. Amenewo ndiwo ayambirepo. Ndipo penti yake isachokere m'thumba la ogulitsa. Kampani imene yapaka magolosale khumi pamalo amodzi ikhoza kuuzidwa ndi eni magolosalewo, atagwirizana, kuti khoma la khumi ndi chimodzi ilipire mmisiri wa pompano, iye ajambule zimene anthu a pamsika asankha, dzina la kampani likhale laling'ono pakona yapansi. Mmodzi yekha akanena adzamudumpha n'kukapaka kwa mnzake. Akanena khumi pamodzi adzamvedwa. Chojambulidwacho chikambidwe poyera, amfumu, komiti ya msika, a mipingo ndi a mzikiti ali pomwepo, ndipo lamulo limodzi likhale losasintha: wandale wamoyo asakwere khoma.

Kunena zoona, sindikanayamba n'komwe ndi Chilembwe, ngakhale ndamutchula ndi ulemu wonse. Iye ali kale pa ndalama ndi pa kalendala. Ndikanayamba ndi beseni la tomato lili pamutu pa mayi wa mwana kumbuyo, phiri la Chiradzulu likuonekera patali, chifukwa chimenecho palibe wa chipani, wa mpingo kapena wa mzikiti amene angachikane, ndipo ndicho chimadyetsa malowa.

Nditadutsanso patapita milungu ingapo ndinamupeza mnyamata uja ali pa makwerero, akulemba mitengo ya kumeta pa khoma la babashopu, mitu itatu ya anthu ataijambula kale pambali, umodzi khutu lake litakula kuposa linzake. Ndinamufunsa za madala aja. Anati amulola khoma lam'mbali, loyang'ana ku ngalande, koma penti akapeze yekha, ndipo asajambulepo munthu wovala tayi. Anali atasonkhanitsa zitini zitatu zotsalira pa ntchito zina: yoyera, yabuluu ndi yakuda pang'ono. Yofiira ya tomato ndiyo inkasowa.

Inu a makampani amene magalimoto anu amadutsa pa Mbulumbuzi atadzaza zidebe zofiira, chitini chimodzi musiyireni mwanayu.